Msonkho Umene Amadula Ndalama ya Fodya Isanafike Pakhomo

Pepala limene mlimi amalandira fodya wake akagulidwa ku Chinkhoma, kwathu ku Kapelula timaliwerenga kuyambira pansi. Diso limathamangira pa nambala yotsiriza, ija yolowa ku banki, ndipo likaipeza mwiniwake amapumira m'mwamba kapena kugwira pakamwa. Mizere yapakati ndi ochepa amene amaiyang'ana kawiri. Pali ya eni msika, ya Tobacco Commission, ya kafukufuku wa ARET, ya bungwe la alimi, ya ziguduli, ya galimoto imene inanyamula mabelo, ndipo ngati munalima pa kontirakiti, kampani imayamba yatenga ngongole yake ya feteleza ndi mbewu. Zonsezi zikapita zapita. Koma pakati pa mizereyo pali umodzi wosiyana ndi inzake, wolembedwa kuti withholding tax. Umenewu ndi msonkho woduliratu, ndipo pamalamulo ndalama yake sinathere pomwepo. Boma laigwira kaye, kudikira kuti mwiniwake abwere adzawerengetsane nalo kumapeto kwa chaka. Alimi ambiri amene ndikuwadziwa sanapiteko n'kamodzi komwe.

Atsibweni anga anali mmodzi wa iwo. Ali ndi kaesiteti kakang'ono, ka mtundu uja kamene kanachuluka m'boma la Kasungu m'zaka za m'ma 1980. Nthawi imeneyo mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale, ndiye mabanja ankalembetsa minda ya makolo awo kuti ikhale esiteti, apeze laisensi ndi kota. Lamulo litamasuka mu 1990 anthu ambiri analowa m'makalabu, koma iwo anapitiriza kugulitsa pa nambala yawoyawo. Mapepala onse a malonda ankawaponya m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, pamodzi ndi makadi a sikelo a ana ndi chikalata cha malo. Ena azakhali, akazi awo, ankatengako n'kukulungira mbewu ya mpiru ndi ya tomato, poti pepala lake ndi lolimba bwino.

Amene anautsa nkhaniyi ndi msuweni wanga, mwana wawo wachitatu, yemwe anaphunzira zowerengera ndalama ku Lilongwe. Anabwera kudzathandiza kusankha fodya, ndipo tsiku lina akufuna chikalata cha malo m'sutikesi muja anakhala pansi n'kuyamba kuwerenga mapepala aja kuchokera pamwamba, monga anaphunzitsidwira.

"Adada, ndalama iyi munakaifunsapo?"

"Iti?"

"Iyi akudula apayi. Chaka chilichonse ilipo."

"Imeneyo ndi ya boma, mwanawe. Za boma safunsa."

Msuweniyo atalimbikira, atsibweni anamudula ndi mwambi, kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndiye kuti ndalama imene yalowa ku banki ndiyo yawo, inayo aiwale. Sindikuwaseka ayi. Pa zifukwa zimene nditchule kutsogoloku, mantha awo anali ndi mutu. Koma tiyambe tamvetsa mmene chinthuchi chimayendera.

Msonkho wa pa zimene munthu wapeza, malinga ndi Taxation Act, umawerengedwa pa phindu, osati pa ndalama yonse imene yadutsa m'manja. Wabizinesi amachotsa kaye zimene wawononga kuti malondawo atheke, ndipo chotsalacho ndicho chimakhomeredwa msonkho. Vuto la boma ndi lakuti silingayende mudzi ndi mudzi kufunsa mlimi aliyense phindu lake. Ndiye linapeza njira yachidule: pamalo pamene ndalama ikudutsa, wolipirayo adule pang'ono n'kutumiza ku Malawi Revenue Authority (MRA), bungwe lotolera misonkho limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 n'kuyamba ntchito mu 2000. Pa fodya, malo amenewo ndi misika ya Limbe, Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu. Kale ankadula K7 pa K100 iliyonse, kenako anatsitsa kufika pa K3. Kudulako sikufunsa ngati mwapindula kapena mwaluza. Mvula idule mu Januwale, feteleza akwere, ogula agwetse mitengo, K3 ija ichoka basi.

Kuwerengetsana kumachitika ndi fomu yapachaka, imene a msonkho amati return. Munthu amalembamo zonse zimene wapeza, zimene wawononga, ndi msonkho umene anamudula kale. Woduliratu uja amauchotsa pa msonkho umene akuyenera kulipira. Ukaposa, yapamwambayo ndi yake: angapemphe kuti imubwerere, kapena ikhale ikumudikira pa msonkho wam'tsogolo.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, koma mitengo ya msonkho ikhale yeniyeni ya chaka cha 2024/25. Chaka chimenecho K150,000 yoyamba pamwezi inalibe msonkho, ndiye kuti K1,800,000 pachaka. Yotsatira K350,000 pamwezi, kapena K4,200,000 pachaka, inkadulidwa K25 pa K100. Tinene kuti mlimi wagulitsa fodya wa K15,000,000, ndipo kuti masamu asavute, amudula K3 pa K100 pa ndalama yonseyo, yomwe ndi K450,000. Feteleza, mankhwala, aganyu, mitengo ya chigafa, ziguduli, mayendedwe ndi zodula za kumsika zamudyera K13,500,000. Phindu lake ndi K1,500,000, losafika pamene msonkho umayambira. Munthu ameneyu sanayenera kulipira ngakhale tambala, ndipo K450,000 yonse ija ndi yake. Kwathu chaka chimenecho ndalama imeneyo inali fizi ya mwana wa ku sekondale yoyendera, n'kutsalako ya matumba a chimanga a mu Febuluwale.

Tsopano mlimi yemweyo, chaka chomwecho, koma malisiti amene wasunga akungokwana K9,000,000. Pamaso pa a msonkho phindu lake ndi K6,000,000. Msonkho wake ndi K1,050,000. Kuchotsa K450,000 imene anadulidwa kale, watsala ndi ngongole ya K600,000. Anapita kukafunsa zake, wabwerako ali wangongole.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo atsibweni ankazidziwa ngakhale sanaphunzire masamu ake. Ulimi wa fodya umadya ndalama zambiri zopanda lisiti. Feteleza wa kusitolo ali nalo, inde. Nanga mnyamata amene anakumba mizere kwa sabata ziwiri? Amayi amene anasoka fodya m'chigafa kuyambira m'mawa mpaka nyali kuyaka, manja atada bii ndi phula lake? Mwini ngolo amene anatuta mitengo ndi udzu? Wobwereketsa jeke yodindira mabelo? Nanga ndowa za chimanga ndi usipa zimene antchito amadya nyengo yonse? Pa esiteti za ku Kasungu, kwa zaka zambiri ntchito inkagwiridwa ndi matenanti ochokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi madera ena, amene ankalandira chakudya pangongole n'kudzawerengerana ndi bwana fodya akagulitsidwa. Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021, koma chizolowezi cholipirana pamanja, popanda cholemba, sichinathe ndi lamulolo. Choncho mlimi wachilungamo, amene waluzadi, pa pepala amaoneka ngati wolemera. Ine ndimaona kuti pamenepa dongosololi limakomera esiteti yaikulu yokhala ndi kalaliki ndi kompyuta, ndipo wapakati, amene wakula kuposa kalabu koma sangathe kulemba ntchito akauntanti, ndiye amalipira msonkho pa ndalama imene sanapindule.

Mantha enawo ndi akale kuposa fodya wa bale. Agogo anga aamuna mawu akuti msonkho ankawatchula motsitsa mawu. Msonkho wa nyumba unabwera ndi Harry Johnston, atangokhazikitsa ulamuliro wa Britain mu 1891, ndipo unakhazikika pa mashiling'i atatu pa nyumba. Kuno ku Kasungu unafika asilikali a atsamunda atagonjetsa mfumu Mwase kumapeto kwa 1895. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anaukweza kufika pa mashiling'i 6, koma anaikapo kachifundo: munthu wokagwira ntchito mwezi umodzi kwa mzungu ankalipira theka. Ndiye kuchotserako msonkho koyamba kumene makolo athu anakudziwa kunali nyambo yowakokera ku minda ya azungu. Titalandira ufulu mu 1964 msonkho wa pamutu unapitirira. Amene anakula nthawi ya Kamuzu akukumbukira amesenjala akufika m'mudzi m'mamawa, amuna akulumphira m'tchire, ena kugona kudimba masiku angapo, ndi kalisiti kamene munthu ankayenda nako m'thumba ngati mankhwala. Msonkho umenewo unatha pa nthawi imene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Munthu amene anaona zimenezo ali mnyamata, mukamuuza lero kuti apite yekha ku ofesi ya msonkho, akapereke dzina, mudzi ndi mfumu yake, kuti boma likamubwezere ndalama, amakuyang'anani ngati mwalawa kachasu.

Msuweni wanga sanakangane nawo za mbiri. Anagula kope la ana asukulu, n'kulipereka kwa mayi ake, osati kwa bambo ake. Anaganiza bwino, chifukwa pakhomo paja wolipira aganyu ndi azakhali. Ndiwo amadziwa kuti uyu anapalira mizere ingati, uyu anatengako ndowa ya chimanga, uyu anabwereka ya kuchipatala. Tsamba lililonse analigawa: tsiku, dzina, ntchito, ndalama, ndi malo osainira. Osadziwa kulemba ankadinda chala, inki yake ya bolopeni yothyola. Poyamba aganyu ena anakana, amvekere mayina athu mukupita nawo kuti. Azakhali ankangoti, "Ndi zoti tisadzakangane pa malipiro," ndipo zinalidi zoona, moti mikangano ya kumapeto kwa nyengo inachepa msonkho usanalowepo n'komwe. Malisiti a kusitolo anawapezera botolo la pulasitiki lotsekera, chifukwa aja a makina amafufutika akakhala padzuwa kapena pachinyontho, ndipo pofika Ogasiti umangopeza kapepala koyera. Msuweniyo akabwera ankawajambula pa foni.

Kenako panafunika TPIN, nambala imene MRA imapereka kwa wokhoma msonkho aliyense. Popanda iyo palibe pamene ndalama yodulidwa ingalembedwe kuti ndi ya uje. Panafunikanso masatifiketi osonyeza msonkho umene unadulidwa, amene wodula uja amayenera kupereka. Masiku ano zambiri zimachitika pa intaneti, pa Msonkho Online, zimene n'zabwino kwa munthu wa ku Area 47, koma kwathu zimatanthauza kukwera pachulu kusaka netiweki kapena kupita ku boma. Fomu imayenera kuperekedwa pasanathe masiku 180 chaka cha mabuku chitatha. Ndipo pali kanthu kena kamene kamasokoneza alimi a fodya. Kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, pamene kale chinkayamba pa 1 Julayi. Fodya amadya ndalama kuyambira pa nazale mu Seputembala mpaka pa kudinda mu Malichi, koma msika umatsegulidwa cha mu Epulo. Ndiye mukangotsata kalendala ya boma osaganiza, zowononga zimagwera chaka china, zogulitsa chaka chinanso. Wabizinesi amatha kugwirizana ndi a msonkho za tsiku lotsekera mabuku ake, ndipo pamenepa ndi pofunika kufunsa munthu wodziwa musanalembe kalikonse.

Chaka choyamba atsibweni sanapeze zonse zimene mwana wawo ankayembekeza. Mapepala ena a malonda anali atapita ndi mbewu ya mpiru, ndipo zowononga za miyezi imene kope lija lisanagulidwe zinalibe umboni. Komabe powerengetsana zinapezeka kuti anadulidwa zoposa zimene ankayenera kulipira. Anafunsa katatu ngati amva bwino. Chimene sichinawasangalatse n'chakuti ukalowa m'kaundula walowa: fomu imafunika chaka chilichonse, chabwino kapena choipa, ndipo kuchedwa kuli ndi chindapusa chake. Palinso satifiketi imene MRA imapereka kwa amene akhala okhulupirika pa mafomu ndi malipiro awo, yoti asamadulidwe msonkho woduliratu uja. Makampani ndi esiteti zazikulu amaidziwa bwino. Kwathu sindinamvepo mlimi akuitchula pa bawo.

M'banja lomweli muli anthu ena awiri amene msonkho umawakhudza mwa njira ina, ndipo tikakumana pa maliro kapena pa chinkhoswe nkhani yake siichedwa kubuka. Mlongo wanga ndi mphunzitsi wa pulayimale. Wake ndi PAYE, wodulidwa pa malipiro mwezi uliwonse asanawaone. Anasangalala mu 2020 pamene ndalama yosadulidwa msonkho inakwera kuchoka pa K45,000 kufika pa K100,000 pamwezi, ndiponso mu 2024 itafika pa K150,000. Koma pakati pa zaka zimenezo kwacha inagwa kawiri, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye chisangalalocho chinathera pa mtengo wa sopo ndi mafuta ophikira. Iye akulera ana ake atatu, ana awiri a malemu mchemwali wathu, ndi mayi athu. Mnzake wa giredi yomweyo, wosakwatiwa, wopanda womudalira, amadulidwa ndalama yofanana ndendende. Lamulo lathu la msonkho silifunsa kuti pakhomo pali pakamwa pangati.

Kwina amafunsa. Ku America banja limachotseredwa msonkho pa mwana aliyense kudzera mu Child Tax Credit, ndipo kuyambira 1975 kuli Earned Income Tax Credit, imene imapatsa ogwira ntchito olandira zochepa ndalama yoposa ngakhale msonkho umene anadulidwa. N'chifukwa chake kumeneko mabanja osauka ndi amene amathamangira kupereka fomu tsiku lotsekera la 15 Epulo lisanafike. Mlamu wathu amene amagwira ntchito pa kampani ina ku Johannesburg, ndi mapepala ake oyenera, amatiuza za SARS, bungwe lotolera misonkho la kumeneko. Abwana amamupatsa chikalata chotchedwa IRP5, nyengo ya mafomu imayamba mu Julayi, ndipo amene amalipira inshulansi ya chipatala amachotseredwa msonkho pa iye mwini ndi pa aliyense amene anamulembetsa. Akamafotokoza kuti ndalama inalowa yokha mu akaunti patangopita masiku ochepa, atsibweni amapukusa mutu, amvekere, "Alamu, kumeneko ndi kunja."

Sindikunena kuti tingokopera. Maiko amenewo ali ndi anthu ambiri olembedwa ntchito, pamene kuno olipira PAYE ndi kagulu kochepa kamene kasenza kale katundu wolemera. Kuchotsera msonkho pa mwana kungathandize mlongo wanga, koma sikungafike kwa mayi wosoka fodya m'chigafa, amene sadzalembapo fomu moyo wake wonse. Iye thandizo la boma limamupeza, likamupeza, kudzera mu Mtukula Pakhomo kapena feteleza wotsika mtengo. Komabe funso la mlongo wanga silinayankhidwe, ndipo m'dziko limene pafupifupi aliyense wolandira malipiro akulera ana a abale ake, ndi funso loyenera kufika ku Nyumba ya Malamulo nthawi ya bajeti.

Pali chinanso chimene kope la azakhali linaulula popanda amene anachifuna. Laisensi ili m'dzina la atsibweni. Akaunti ya ku banki, dzina lawo. TPIN, dzina lawo. Ndalama yobwezedwa nayonso imalowa komweko. Koma mukatsegula kope lija, dzanja lolemba ndi la azakhali, ndipo ntchito imene simukuipeza m'menemo ndi yawo ndi ya ana: kuthirira nazale mbandakucha, kuthyola, kusoka, kuphikira antchito. Imeneyo ilibe mzere chifukwa palibe amene anailipira. M'midzi ya fodya nkhani ya bambo amene walandira ndalama n'kusowa sabata zitatu, kudzabwera ndi wailesi ndi ngongole, si yachilendo. Atsibweni si otero, koma azakhali atagwira kope anayamba kufunsa mafunso amene kale sankafunsa. Tsiku lina ndinawamva akunena, ali chogwada pambali monga mwa ulemu wawo, "Bambo a kuno, ija ya boma ikabwera tigule malata a khitchini. Ndinalemba ndine." Atsibweni anangoseka, koma malata anagulidwa.

Alimi a m'makalabu nkhani yawo ndi ina pang'ono. Kalabu imagulitsa pa nambala imodzi, anthu khumi kapena kuposa, ndiye n'kovuta kunena kuti msonkho wodulidwawo ndi wa yani. Boma lasintha malamulo ake kangapo pa iwo: pena makalabu osadulidwa konse, pena kudulidwa monga wina aliyense, pena kudulidwa pang'ono. Mabungwe ngati TAMA ndi NASFAM akhala akulankhulapo zaka zambiri, mfundo yawo ili yomweyi, yakuti mlimi wa mabelo ochepa phindu lake silifika pamene msonkho umayambira. Choncho wa m'kalabu afunse atsogoleri ake kuti chaka chino akudula zingati, ndiponso ngati wodulidwawo ndi wotsiriza kapena ndi wodzawerengetsana.

Amene ali pangozi yeniyeni ndi obwereketsa laisensi. Zimachitika kwambiri: venda wagula fodya m'midzi, alibe nambala, ndiye amapempha mlimi kuti mabelo ake alowe pa dzina la mlimiyo, n'kumupatsa kangachepe. Kapena mlimi amene ali ndi ngongole ku kampani amazembetsa mabelo ake kudzera kwa mnansi kuti asadulidwe. Malamulo a fodya amaletsa zimenezi, koma tiike pambali zimenezo. M'mabuku, malonda onsewo ndi a mwini nambala. Tsiku limene adzafune kuwerengetsana ndi a msonkho, adzapezeka kuti anagulitsa mabelo 80 pamene munda wake unatulutsa 30, ndipo wa mabelo 50 enawo alibe lisiti la feteleza ngakhale limodzi. Mnansi wa atsibweni, ataona kuti anzake apindula, anabwera kwa msuweni wanga ndi mapepala ake m'jumbo kuti amuthandize. Msuweniyo anawerenga, n'kufunsa kuti mabelo onsewa anachoka m'munda uti. Bamboyo anayamba kutchula mayina a eni ake mmodzimmodzi, ena a ku Ntchisi, wina woti anasamukira ku Zambia. Msuweni wanga anawabwezera jumbo lawo n'kuwauza kuti chaka chimenecho sangawalembere fomu, ayambe ndi fodya wa chaka chamawa, wawo wokha, ndipo agule kope.